Thumba la feteleza munatumiza lija

Okondedwa achimwene,

Muli bwanji ku Joniko? Kuno ku Lisungwi tili bwino, ana okha ndiwo akutsokomola.

Feteleza uja munatumiza kwa achemwali, poti ndi aakulu, kuti atigawire. Ine anandipatsa kambale kamodzi basi. Dzulo ndinadutsa kumunda kwawo. Chimanga chabiriwira, chamasula kale, soya akulekeza m'mawondo. Changa chachita chikasu. Mavenda a ku Zalewa afika kale kawiri pakhomo pawo, akuti mitengo ikwera chaka chino. Panga amangodutsa panjinga.

Atandiona, achemwali anati, "Iwe vuto lako ndi kupalira mochedwa."

Chonde, chaka chamawa mudzalembe dzina langa pathumba. Mulungu akusungeni. Koma tandiuzani, achimwene, kodi ine ndinayamwa bere lina?

Ndine mlongo wanu,
Esinala