Sungani Wabwerera M'manja Mwanga

Kawale, Lilongwe
14 Juni 2024

Okondedwa amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi onse ku Chinakanaka. Kodi bondo lija lasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino, ndipo ndikulemba ndi chimwemwe.

Amayi, mlandu watha. Lachiwiri khoti lathetsa ukwati wanga ndi a Hopeson, ndipo lagamula kuti Sungani azikhala ndi ine. Papita miyezi isanu ndi iwiri kuchokera tsiku lija abambo akewo anakamutenga kusukulu osandiuza, n'kukamusiya kwa achemwali awo ku Mchinji. Lero mdzukulu wanu ali panjapa pomwe akundiona, akusewera fulaye ndi anzake.

Sizinali zophweka. A Hopeson anauza khoti kuti ine ndine telala wapakhonde wogona m'chipinda chimodzi, pomwe iwo ali ndi nyumba ya mpanda ndi galimoto. Ndinangoti basi, mwana wapita. Koma a majisitireti, mayi ofatsa ovala magalasi, anawafunsa kuti mwanayo ali sitandade chani. Anayankha kuti 2, chonsecho ali mu 4. Atawafunsa za matenda ake, anati alibe vuto lililonse.

Apo m'pamene ndinatulutsa buku la kusikelo lija munanditumizira, la ku Mulanje Mission. A majisitireti analitsegula tsamba ndi tsamba, n'kuona za mphumu yake ndi masiku onse amene ndinkapita naye kuchipatala ali kumsana. Munachita bwino kulisunga m'sutikesi, chiswe osalipeza.

Kenaka analankhula ndi Sungani payekha, pali mayi woona za chisamaliro cha ana. Zimene anakanena sindikuzidziwa, ndipo sindidzamufunsa. Pogamula anati lamulo siliyeza kukula kwa nyumba, limafuna pamene mwana angakule bwino. Abambo ake azimuona patchuthi, azithandizanso pa sukulu ndi mankhwala.

Atsibweni a Noel musaiwale kuwathokoza. Anachoka ku Muloza kudzaima nane monga nkhoswe, ndipo potuluka anavina tchopa pakhomo pa khoti, jekete ili m'manja, mpaka wapolisi anaseka.

Tizovuta tilipo. Mwanayu waonda, ndipo kuzizira kwa Juni kwadzutsa chifuwa. Salola kuti ndichoke pamaso pake, amanditsatira ngakhale popita kumpopi. A nesi a kuchipatala akuti zidzatha pang'onopang'ono.

Tibwera kumudzi sukulu akatsekera, ndiye ndili ndi pempho limodzi. Ndikudziwa mkwiyo umene muli nawo pa a Hopeson, inenso ndili nawo. Koma chonde musadzawanyoze mwanayu akumva, ndipo muwauzenso achimwene a Morris, pakamwa pawo mukupadziwa. Dzulo ndikumuluka tsitsi anandifunsa chapansipansi kuti, "Amayi, kodi ndikawasowa adadi mundikwiyira?" Ndinamuuza kuti ayi, sindingakwiye. Ndikufuna akadzafika kwathu adzamve yankho lomwelo kwa aliyense.

Mundiperekere moni kwa azakhali, kwa achimwene ndi alamu anga, kwa mng'ono wanga ndi ana ake, ndiponso kwa amayi a Mvano amene ankatipempherera. Muwauze kuti nyimbo yothokoza ndidzayambitsa ndekha, mwana wanga ali pambali panga.

Tsalani bwino, amayi.

Ndine mwana wanu,
Rosemary