Matabwa Anu a Mkungudza Aja

Likhubula, Mulanje
12 Ogasiti 1973

Okondedwa achimwene a Lackson,

Ndiyambe ndafunsa moyo wanu kumgodi ku Joniko. Kuno tilipo, mayi akungodandaula mawondo monga kale. Ndikulembane ndine mng'ono wanu Alufeyo, ndipo ndili moyo. Ndanena dala zimenezi poti mwina telegalamu ya amalume a Pilato inakufikani.

Mwezi wa Meyi tikucheka matabwa ku Chambe, mutu unangowaza ngati wina wanditema ndi nkhwangwa, ine khu pansi. Anzanga ananditsitsa phiri pamachira, ndipo mpaka lero akuti bola kusenza thabwa poti silisanza. Alamu anu a Sabina anaiwala nsapato zanga, koma khadi lachipani sanaiwale.

Kuboma anangondiona n'kunditumiza kuchipatala chachikulu ku Blantyre. Kumeneko anati magazi atayikira mkati mwa mutu, akupanikiza ubongo. Adokotala anandimeta mpala n'kundiboola chigaza kuti magaziwo atuluke. Pamaloo ndimapapapasa tsiku lililonse, achimwene. Inetu zoboola ndimazidziwa, koma munthu ujayo ndi mmisiri.

Tsiku londiboolalo ndi limene amalume anabwera kudzandizonda. Anapeza bedi lopanda munthu, bulangeti atalipinda bwinobwino. Alamu anu anali kukhomo la fiyeta, kochitira opaleshoni, ndiye sanaonane. Amalume kufunsa sanafunse, akuti anthu ovala zoyera amawachititsa mantha. Anangovula chipewa n'kukakwera basi, ndipo pofika pa Chonde basi yonse inali itawapepesa kale.

Tsopano khalani pansi, nkhani ikubwera kwa inu. Matabwa anu asanu ndi limodzi a mkungudza aja, amene munasunga kudenga kwa mayi kuti mudzapangire chitseko cha nyumba yanu, amalume anawatsitsa. Anati mwana wa mchemwali wawo wakalambira pamkungudza, sangagone m'bokosi la paini. Mawa lake anabwera ndi amuna anayi kudzatenga mtembo, n'kupeza mtembowo ukuphethira. Telegalamu yachiwiri akuti anachita nayo manyazi.

Ndinagona kumeneko milungu isanu. Pakamwa panapotoka, dzanja lamanja linakaniratu. Anamwino a Marjory ankanditembenuza, kundisambitsa, kundipukuta zimene sindingalembe m'kalata. Kenaka anayamba nkhanza: akuti sipuni ndigwire ndekha, phala likatayika nditunge lina, iwo sanakwatiwe ndi ine. Ndinkawatukwanira mumtima. Lero dzanja lomwelo ndi limene likukulemberani. Anthu amenewa ndikawakumbukira misozi imabwera, ndipo sindichita nayo manyazi.

Nditabwerera kumudzi ndinapeza bokosi langa kuseri kwa nyumba atalifunditsa masaka. Ndinaliyeza, n'kupeza kuti n'lalifupi. Amalume akuti akanandipinda mawondo, wakufa sadandaula. Mayi anati litenthedwe. Ine ndinati iyayi, matabwa ndi a eni ake.

Koma chitseko sichingatulukemonso, anawadula kale. Ndipo ndinali nditamva kuti milungu isanu yonseyo alamu anu ankakhala pasimenti kunja kwa wodi, m'nyengo yozizira ija, pamodzi ndi amayi ena odikirira odwala. Ndinafuna kuthokoza achipatala, koma mungawapatse chiyani anthu okubwezerani moyo? Nkhuku?

Choncho ndalakwa, achimwene. Sindinadikire kuti muyankhe. Bokosilo tinaliphwasula ndi amalume n'kukhoma benchi, ine kugwira, iwo kukhoma. Sabata yatha popita kukaonetsa mutu tinaikweza pamwamba pa basi. A Marjory atamva mbiri yake anaseka mpaka kutsamira khoma, kenaka anati ndisauzenso munthu wina m'chipatalamo, apo ayi palibe adzaikhalire.

Pochoka ndinapeza mayi wina ataikhalira kale. Amuna ake anali atangowalowetsa kumene kufiyeta. Ndinavula chipewa n'kumuonetsa chipsera changa, ndinati ine ndinalowa momwemo ndipo ndinatuluka. Za benchiyo sindinamuuze.

Ndikhululukireni. Ndikapeza mphamvu, matabwa a chitseko ndidzakuchekerani ndekha, ndipo tidzawabisa kumene amalume sakudziwako. Koma mukamadzabwera, mudzatsike ku Blantyre mukakhaleko pang'ono. Ndi yanu.

Mulungu akusungeni pansi pa nthakapo. Mundiperekere moni kwa onse akwathu amene muli nawo, ndipo ngati anasonkhana kundilira, muwauze kuti ndathokoza.

Ine mng'ono wanu amene bokosi linamuchepera,
Alufeyo