Makina a Khofi Oyenera Dzanja la Bambo

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WACHISANU WA KOMITI YA BANJA YOONA ZA UMOYO WA BAMBO

Tsiku: Loweruka, 14 Juni
Malo: Chipinda chodyera, kunyumba kwa Bambo
Nthawi: 2 koloko masana

Opezeka: Wapampando (Achemwali aakulu, namwino), Achimwene (okonza zamagetsi), Alamu (akazi a Achimwene, eni saluni), Mlembi (wotsiriza kubadwa, yemwe sanafunsidwe ngati udindowu akuufuna), Bambo.

Opepesa: Achemwali apakati. Anatumiza uthenga woti akuvomera chilichonse chimene ena avomere, monga amachitira miyezi yonse.

1. Kutsegulira

Wapampando anatsegulira msonkhano mochedwa ndi mphindi makumi awiri chifukwa Achimwene anali akutsitsa makatoni awiri m'galimoto.

2. Zochokera mu msonkhano wapitawo

Mlembi anawerenga zomwe zinagwirizanidwa mwezi watha. Chidwalireni sitiroko, dzanja lamanja la Bambo ndi lofooka ndipo limanjenjemera. Pa 3 Meyi anadzithira madzi owira pamkono akupungula ketulo, choncho ketuloyo inachotsedwa. Chakudya chimabwera kuchokera kwa Alamu, koma m'mawa Bambo amakhala okha, ndipo khofi anakanitsitsa kusiya. Komiti inagamula kuti ngati sipapezeka njira yoti azipanga okha khofiyo popanda ngozi, pa 30 Juni achoke m'nyumba ino, momwe akhalamo zaka 38, akakhale kwa Wapampando.

Bambo anafunsa ngati iwo analipo pamene izi zimagamulidwa. Anayankhidwa kuti anali atagona kuchipinda. Iwo anati, "Ohoo."

3. Kusankha makina a khofi

Achimwene anafotokoza kuti pali makina ang'onoang'ono opanga kapu imodzi yokha. Khofi wake amabwera m'timakapusozi totsekeratu. Munthu amaponyamo kamodzi, n'kutseka, n'kudina, basi, ndipo palibe kunyamula madzi owira. Anaika patebulo makina awiri: akuda, a kunyumba kwawo, ndi ofiira, obwereka ku saluni ya Alamu.

Achimwene anayamikira akudawo kwa mphindi makumi awiri ndi zisanu. Anati kumaso kwake ndi galasi longokhudza, amapanga khofi wa mitundu isanu ndi inayi, ndipo amatumiza uthenga pafoni, moti Wapampando azidziwa ali kuntchito kuti Bambo adzuka. Mlembi walemba zimene anamva, zina zinamupitirira.

Alamu anati ofiirawo ali ndi chotsekera chimodzi ndi mabatani awiri, la kapu yaing'ono ndi la yaikulu, ndipo makasitomala amadzipangira okha ngakhale zikhadabo zisanaume. Achimwene anati amenewo ndi achikale. Alamu anati achikalewo sanapitepo kwa wokonza, pamene akudawo Achimwene anawamasula kawiri chaka chino patebulo lawo lodyera. Wapampando anapempha kuti nkhani za m'banja zikathere kwawo.

Wapampando anati kwa iwo makina onsewo n'chimodzimodzi, chifukwa madzi otentha ndi madzi otentha. Anati chipinda cha Bambo anakonza kale ndipo makatani anapachika. Anapempha kuti komiti ivote.

4. Mawu a Bambo

Voti isanachitike, Bambo anakweza dzanja lamanzere. Anati anagwira ntchito ya utelala zaka makumi anayi ndipo sanadulepo nsalu ya munthu asanamuyeze. Mawu otsatirawa anapempha kuti alembedwe momwe anawanenera: "Mwakhala pano ola lathunthu kundisokera suti, koma palibe ndi mmodzi yemwe wandiyeza. Bweretsani kuno zinthuzo, ndivale ndione."

Voti inaimitsidwa kaye. Mlembi akuvomereza kuti anachita manyazi, pakuti nayenso mwezi watha anakweza nawo dzanja.

Bambo anaika lamulo loti aliyense akhale pampando wake, ndipo amene ayese kuwathandiza atuluke.

5. Kuyesa makina

Anayamba ndi akuda. Chala chawo chinakhudza galasi kawiri m'malo mwa kamodzi, makinawo n'kuyamba kudzitsuka okha. Kachiwiri anasankha khofi wamkaka yemwe samwa. Thanki ya madzi inali kumbuyo ndipo imafuna manja awiri. Achimwene anayamba kufotokoza ali pampando, koma Bambo anati, "Iwe, m'mawa sudzakhalapo." Anawakankhira pambali makinawo n'kunena kuti akuthina m'khwapa.

Pa ofiira, kapusozi woyamba anapulumuka m'zala n'kugubudukira kunsi kwa kabati. Wachiwiri chimodzimodzi. Wapampando anadzuka. Bambo anati, "Khala pansi, mwanangu. Kuchipatala ndiwe namwino, muno ndiwe mwana." Wapampando anakhala, manja atawapanira pakati pa mawondo.

Kapusozi wachitatu Bambo sanamutole ndi zala. Anamukokera m'mphepete mwa tebulo, n'kumugwetsera m'chikhatho chamanzere, n'kumutsetserezera m'malo mwake. Chotsekera chinali cholimba, dzanja linakanika. Anaima kaye, kenaka anachikanikiza ndi mkono wonse monga ankakanikizira simbi pa kolala ya jekete, ndipo chinatseka.

Anakana kapu yaing'ono yomwe Alamu anabwera nayo. Anatenga chikapu chawo chachikulu, koma anadina batani la kapu yaing'ono. Achimwene anati Bambo alakwitsa batani. Bambo anati sanalakwitse: telala amasiya mpata pa msoko, ndipo dzanja lonjenjemera limafunanso mpata m'kapu. Khofi anafika theka. Anayenda naye kuchokera pa makina kufika pampando wawo, akukhavukira uku ndi uku m'katimo, koma sanatayike ngakhale dontho. Zonse zinatenga mphindi zisanu ndi ziwiri. Mlembi anayang'ana wotchi chifukwa kuwayang'ana iwo kunali kovuta.

6. Chigamulo

Wapampando anati tsiku la ngozi lija ndi iwo amene anawapeza Bambo atakhala pansi kukhitchini, mkono uli m'beseni la madzi, atakhala choncho maola awiri osaimbira aliyense. Anati mabala amoto amawaona tsiku ndi tsiku kuntchito, koma la Bambo lokha limawabwerera m'maso, ndipo akuchita mantha. Bambo anati akudziwa, ndipo sanaimbe chifukwa ankaopa zomwezi, zowasamutsa. Analonjeza kuti tsiku lina akadzapweteka adzaimba, ngati nawonso Wapampando alonjeza kuti sadzabwera ndi masutikesi. Onse awiri anavomera.

Komiti inagwirizana izi: agulidwe makina onga ofiira aja, thanki yake ikhale yam'mbali, Alamu asiye awo kufikira atsopano atabwera, makapusozi aziikidwa m'mbale yosaya, osati m'bokosi, Bambo akhalabe m'nyumba mwawo. Achimwene anavota nawo, koma anapempha kuti zilembedwe kuti makina akuda alibe vuto. Zalembedwa.

7. Zina ndi zina

Bambo anati khofi wa m'makapusoziyu ndi wopanda mzimu, ndipo sangafanane ndi yemwe malemu Amayi ankawaphikira. Anamwa yense.

Wapampando anapempha kuti atuluke pang'ono akaimbe foni. Atafunsidwa za chiyani, anaulula kuti lole yodzanyamula katundu pa 30 anali atailipira kale sabata yatha, komiti isanakumane, ndipo akufuna akauze eni ake kuti isabwere. Bambo anawayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anati foniyo idikire, anakokera mbale ya makapusozi pafupi, n'kufunsa kuti, "Shuga umathirabe masupuni awiri?" Wapampando anavomera ndi mutu. Anakhala pampando wawo mpaka kapuyo inawafika m'manja.

8. Msonkhano wotsatira

Loweruka, 12 Julayi, malo omwewa.

9. Kutseka

Msonkhano unatsekedwa nthawi ya 4:50 madzulo, Bambo atapangira aliyense kapu yake, imodzi imodzi.

Wapampando: ______________________

Mlembi: ______________________