Pakati pa Mlambe ndi Chulu

Chiuta, Mecanhelas
Okutobala

Achimwene a Tobiasi,

Muli bwanji ku Liwondeko, pamodzi ndi alamu ndi ana? Ine ndilipo, bondo lokha ndilo likuvuta. Foni yanu imangoitana osayankhidwa, ndiye kalatayi ndapatsira a João, ogulitsa matemba aja amadutsira ku Entre Lagos.

Damu lija anatikumbira kumunsi kwa mudzi latithandiza, ndisaname. Ndili ndi kadimba ka tomato m'mbali mwake. Ndimathirira ndekha. Chimwalirireni alamu anu, mwana wanga Hermínia n'kukwatiwa ku Cuamba, ocheza nawo anga ndi akakowa basi.

Tsono kwabwera tekiniku, katswiri wa madamu, wochokera ku Insaca. Akuti akweza khoma la damu mvula isanagwe, ndipo wakhoma zikhomo zofiira mpaka kupitirira mlambe uja. Wati amene ali ndi manda m'kati mwa zikhomo aloze, awasamutse mwaulemu.

Ndinapita naye. Atandifunsa kuti amayi agona pati penipeni, ndinalephera kuloza.

Achimwene, amayi munawaika nokha nthawi ya nkhondo, ine nditawolokera kale ku Malawi ndi azakhali. Munandiuza kuti ali pakati pa mlambe ndi chulu, moyang'anana ndi mtengo wa mango. Pobwerera ndinapeza mtengowo unadulidwa. Chulucho oumba njerwa anachigumula. Watsala ndi mlambe, ndipo mlambe sulankhula. Zaka zonsezi ndimangosesa malo onsewo, kuti mwina penapake tsache likuwadutsa.

Ndikudziwa munalumbira kuti kuno simudzapondanso. Zimene munaona tsiku limene lija sindinakufunseni, ndipo sindidzafunsa. Ngakhale kugona musagone. Mungofika, muloze ndi chala, minibasi ya shapa yomweyo ikubwezeni.

Mukapanda kubwera, amayi atsala pansi pa madzi. Dimba sindingalisiye, ndilo limandidyetsa. Ndiye kuti m'mawa uliwonse ndizitunga madzi ogona pamwamba pa amayi n'kumathirira tomato. Ndikaganiza zimenezi mtima umandiwawa, ndipo ndilibe womuuza. Ana a amayi tatsala awiri, koma wodziwa ndinu nokha.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Sitefano ndi ang'ono ake. Mulungu akupatseni mphamvu ya ulendo. Kuno mitambo yayamba kale kusonkhana.

Ndine mlongo wanu,
Rabeca