Pepala Limene Sindinasaine

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumigodiko. Kuno ku Ligowe ana ali bwino, koma bambo vuto la mkodzo lija lakula. Ku Blantyre anati ndi khansa ya kachiwalo ka pansi pa chikhodzodzo.

Mwezi watha kunabwera madokotala athu pamodzi ndi anzawo akunja, kudzalemba amuna odwala chonchi kuti akayese nawo mankhwala atsopano. Ananeneratu kuti sakulonjeza kuchiza, koma bambo anati, "Ndipita, mwina n'kuthandiza ena." Chinangotsala n'chakuti wachibale wowaperekeza asaine pepala.

Ine ndinakana, achimwene. Ndinati mwana sagamula za bambo ake, eni ake ndi azakhali. Ndinayenda wapansi mpaka ku Matandani kukawatenga. Mvula inagwa, mtsinje unadzaza, tinafika kuno galimoto yodzatenga odwalawo itapita kale.

Azakhali anangoti, "Kodi dzanja lako linali lothyoka?"

Bambo sandidzudzula, ndipo chimenecho n'chimene chikundiwawa. Tumizani bulangete, akumva kuzizira, ndipo muwalembere kalata ndiwawerengere. Mulungu akusungeni pansi pa nthakapo.

M'mawa uliwonse bambo amavala jekete lawo n'kundifunsa ngati galimoto ija ibweranso. Ndiziwayankha chiyani?

Ndine mlongo wanu,
Esinati