Singano ya pa Lichero

Itepela, Ngauma

Wokondedwa mng'ono wanga Manueli,

Uli bwanji ku Cuamba, iwe ndi alamu ndi ana? Ine ndilipo, mawondo okha ndiwo akundivuta. Usang'ambe kalatayi poona dzina langa. Werenga kaye.

Lachiwiri ndinakagulitsa nzimbe pasukulu ya kwathu kuno. Ana a kalasi yachitatu amaphunzirira pansi pa mtengo wa mango. Aphunzitsi awo, mayi Beatriz, anatulutsa kachitsulo kakuda kochotsa mu wailesi yakufa, nati dzina lake ndi maginito. Anauza ana kuti kamakoka chitsulo, koma mtengo ndi chimanga ayi. Ana anayesa misomali ndi zitsekerero za mabotolo, uku akuseka.

Kenaka mayiwo anaika singano pa chikuto cha kope, kachitsulo kaja n'kukagwirira kunsi. Singano inayamba kuyenda yokha. Inazungulira n'kuloza mwana amene iwo anafuna.

Manueli, mpeni wodulira nzimbe unandipulumuka m'manja.

Ukukumbukira chaka chimene tinabwerako ku Malawi, mwana wanga Luciya atamwalira? Sing'anga uja wa ku Mandimba anaika singano pa lichero, dzanja lina lili kunsi kwake. Singano inayenda n'kuloza iwe. Ndinakutcha mfiti pamaso pa abale, n'kukulanda munda wa kudambo.

Ana atabalalika ndinafunsa aphunzitsiwo ngati mphamvu imeneyo ingadutse lichero. Anati ndibwere nalo tiyese. M'mawa mwake ndinapita nalo. Ndi dzanja langa lomweli ndinailozetsa singano kwa aphunzitsi, kwa mtengo, kwa galu amene ankadutsa. Ana anaomba m'manja, kuganiza kuti agogo akusewera.

Zaka makumi atatu, Manueli. Chinthu chimene tiana ta mamina tikuchidziwa. Bambo akanandisiya pasukulu monga anakusiyira iwe, osandipatsa khasu ndili kalasi yachiwiri, munthu uja sakanandipusitsa. Nawenso wophunzirawe unangonyamula katundu n'kuchoka. Bwanji sunamugwire dzanja?

Koma wolakwa ndine. Ngakhale maliro a amayi sindinakutumizire uthenga. Munda uja sindiulimanso, ndi wako. Bwera mvula isanagwe ndikakuonetse pamene anagona amayi. Ngati mtima ukukana, ndiuze ndikwere shapa, minibasi yathu ija, ndidzapepese pakhomo pako.

Upereke moni kwa alamu, ndi kwa ana ako amene ngakhale mayina awo sindiwadziwa. Mulungu akusunge.

Ndine mkulu wako,
Daudi