Mpando Wofiira wa Chevelle Yanu

Bambo Leland Sobczak, a ku Saginaw, Michigan

Ababa, lero zakwana zaka zisanu ndi ziwiri chitisiyireni. Zadutsa mwakachetechete, koma zatilemera. Amayi akadali kudzuka mbandakucha ngati kuti mukupita kufakitale, ndipo ine Dale ndi mlongo wanga Rhonda sitinazolowerebe kulowa m'galaja osamva kawailesi kanu kaja.

Galimoto zaphokoso zija munazikonda kuyambira muli mnyamata. Ina ikadutsa kumsewu, munkasiya foloko m'mbale n'kutitchulira injini yake musanaione n'komwe. Moyo wanu wonse munkapanga zitsulo za galimoto za eni, inuyo mukuyendera chiphapha chodyeka ndi mchere umene amathira m'misewu m'nyengo yozizira. Mutapuma pantchito m'pamene munakakoka galimoto ija ya Chevelle ya 1970 m'khola la mlimi wina, yodzaza zitosi za nkhuku, pansi pake pobooka moti munthu ankaona udzu. Munali musanadzutsepo galimoto yakufa chibadwire, koma tsiku limenelo munaseka mpaka kutsokomola.

Anzanu a Lachisanu, aja amaimika galimoto zawo pogulitsira ayisikilimu n'kutsekula maboneti kuti anthu asirire, anakulangizani bwinobwino: yambani ndi dzimbiri, kenako injini, mipando pomaliza. Inu munayambira kumapeto. Munazula mpando wakutsogolo, wokhalapo mnzake wa dalaivala, n'kukausoketsa chikopa chofiira. A Otis, bwenzi lanu lija, mpaka pano amati m'Michigan monse ndinu nokha amene munayala bedi nyumba ilibe denga. Munkangowayankha kuti mpando wa mkazi wanu Marlene ukhale wokonzeka, zinazo zibwera pambuyo. Poopa makoswe a m'galaja munaulowetsa pabalaza, ati kwa nyengo yozizira imodzi yokha. Amayi akhala akuonera kanema ali pampando umenewo kufikira chaka chino.

Tayesetsa, Ababa. Ndinakaphunzira kuwotcherera zitsulo kusukulu yamadzulo, pansi ponse ndinamata, koma injini ikadali zidutswazidutswa m'zitini zanu za khofi, ndipo nanenso msana wayamba kundikana. Sindikuimbani mlandu. Mwina munkadziwa za mtima wanu zimene ife simunatiuze, n'chifukwa chake munayamba ndi chimene chinali chofunika kwa inu.

Mawondo a Amayi sakuthanso masitepe, ndipo chipale chofewa cha pakhomo palibe woti n'kumawachotsera tsiku ndi tsiku. Nyumba tagulitsa, akusamukira kwa Rhonda ku Toledo, komwe kulibe galaja. Chevelle yapeza mwini, mayi wina makaniko wa ku Bay City amene adzaimaliza, koma anaifuna yathunthu, ndi mpando womwe. Ife tinkangokankhizana, kuopa kuwauza Amayi. Anadziwa okha.

Loweruka lapitali anavala diresi yawo ya kutchalitchi, n'kutiuza kuti tinyamule mpandowo tikaumange pamalo pake m'galimotomo, chifukwa munawalonjeza ulendo ndipo iwo sanakwatiwe ndi munthu wabodza. Anakwera, chikwama pamiyendo, maso kutsogolo. Ine, Rhonda ndi a Otis, ndodo yawo ili m'khwapa, tinakankha kuchokera m'galaja mpaka kumsewu kumene lole yodzainyamula inkadikira. Pachiwongolero panalibe munthu. Kanjira kathu kaja n'kowongoka. A Otis ankalira ngati injini ndi pakamwa mpaka mpweya unawathera. Titafika, Amayi sanatsike msanga, ndipo wa lole uja sanawafulumizitse.

Pabalaza pangotsala timaenje tinayi pakapeti. Usiku umenewo Amayi anaonera kanema ataimirira.

Galimoto yapita, Ababa, koma inu sitidzakutsitsani m'mitima mwathu.

Akazi anu a Marlene, ana anu Dale ndi Rhonda, adzukulu onse, ndi a Otis.